Mafayilo akuchedwa kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake? Yambani mwaona waya

Mphwanga ali ndi kasitudiyo kojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe chakufupi ndi Chitakale. Makompyuta ali nawo awiri, ina yosungirapo zomwe wajambula, inayo yokonzerapo vidiyo. Loweruka lina anafika ndi mafayilo okwana 40 GB, ndipo atayamba kuwasamutsa Windows inamuuza kuti adikire ola lathunthu. Mnyamatayo anathamangira kukagula bandulo poganiza kuti netiweki ndiyo yavuta. Ndalama zija zinapita pachabe.

Makompyuta akalumikizidwa pa rauta kapena switch imodzi (kabokosi ka mabowo angapo olowetsamo mawaya a netiweki), fayilo yochoka pa ina kupita pa inzake sidutsa pa intaneti ayi. Bandulo imadyeka pokhapokha mukatumiza kudzera pa WhatsApp kapena Google Drive, pomwe fayiloyo imayamba yapita kunja n'kubwereranso m'chipinda chomwecho. Choncho vuto lifunefuneni m'nyumba momwemo, motere.

Choyamba: werengani nambala

Kopani fayilo imodzi yaikulu, monga vidiyo, ndipo pa kawindo kosonyeza mmene ntchito ikuyendera dinani More details. Muona liwiro mu MB/s, kutanthauza mamegabayiti pa sekondi. Pamenepa ndi pomwe ambiri amasokonezeka, chifukwa pa makatoni a ma rauta amalemba Mbps, omwe ndi mamegabiti pa sekondi. Kuti Mbps isanduke MB/s, igaweni ndi 8, kenako muchotseko pang'ono. Netiweki ya 100 Mbps imapereka pafupifupi 11 MB/s, pomwe ya 1000 Mbps, yomwe amati gigabit, imafika cha m'ma 110 MB/s. Mafayilo a 40 GB aja amatenga ola pa yoyambayo, koma pa yachiwiriyo mphindi 6 zokha.

Nambala yanu ikakakamira pa 11 osakwera osatsika, dziwani kuti panjira penapake pali chinthu cha 100. Ikamadumphadumpha, ganizirani za Wi-Fi kapena disiki.

Chachiwiri: funsani kompyuta iliyonse

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, kenako dinani kawiri pa Ethernet. Pa Speed payenera kulembedwa 1.0 Gbps, yomwe ndi gigabit ija. Chitani zimenezi pa makompyuta onse awiri, chifukwa yochedwayo ndi imene imalamula ulendo wonse.

Chachitatu: waya

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ndapezapo mlandu kawirikawiri. M'kati mwa waya wa netiweki muli timawaya 8. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito 4 tokha, koma gigabit imafuna tonse. Kamodzi mwa tinayi tinato kakaduka, kapena ngati sikanalumidwe bwino m'kamutu ka kumapeto kwa waya kotchedwa RJ45, makompyuta salira, sachenjeza. Amangogwirizana mwakachetechete kutsikira pa 100. Intaneti ikupitirira kugwira, printa ikusindikiza, inu n'kumati waya uli bwino.

Kuno kunsi kwa phiri la Mulanje waya uli ndi adani ambiri. Chinyontho cha dzinja ndi chiperoni chimadya timano ta kamutu kaja, makamaka ngati waya umakhala pansi pa simenti. Kudenga kuli makoswe. Ndiye palinso mawaya otchipa olembedwa CCA, omwe m'kati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa. Amenewa amathyoka msanga mukawapindapinda. Wa mphwanga unkadutsa pansi pa chitseko, ndipo pamene chitseko chinkaupana unali utaphwatalala ngati lamba.

Musayambe n'kukwera kudenga. Nyamulani kompyuta, muiike pafupi ndi rauta, mulumikize ndi kawaya kafupi katsopano. Speed ikakwera kufika 1.0 Gbps, wolakwa mwamupeza. Pogula wina, werengani pa khungu lake: pakhale Cat5e kapena Cat6, ndipo kutalika kusapitirire mamita 100.

Chachinayi: rauta ndi switch

Itembenuzeni muwerenge kunsi kwake. Pakalembedwa 10/100 kapena Fast Ethernet, palibe waya umene ungakuthandizeni. Mawu akuti Fast asakupusitseni, dzinalo ndi la mu 1995, pomwe gigabit ya pa waya wa mkuwa inabwera mu 1999. Ma rauta ambiri a 4G amene timaikamo SIM khadi ali ndi mabowo a 100 Mbps, poti anawapangira intaneti, osati kusamutsa mavidiyo. Musaitaye rautayo. Gulani switch yaing'ono ya gigabit ya mabowo 5 kapena 8 mukapita ku Limbe, makompyuta onse alowe mu switch, kenako waya umodzi uchoke mu switch kupita ku rauta. Mafayilo aziyenda pa gigabit, intaneti izibwera monga kale.

Ngati switch ndi ya gigabit kale, yesani bowo lina. Mphezi imatha kuwononga bowo limodzi n'kusiya enawo.

Pa kompyuta onaninso mu Device Manager ya Windows, pa Network adapters, Properties, Advanced. Speed & Duplex ikhale pa Auto Negotiation, mwina wina anaikhomera pa 100 kalekale n'kuiwala.

Chachisanu: Wi-Fi

Ine pa mavidiyo Wi-Fi sindiikhulupirira. Makompyuta onse awiri akakhala pa Wi-Fi, fayilo imayenda m'malere kawiri, kupita ku rauta n'kuchokanso ku rauta, ndiye liwiro limatsika ndi theka kapena kuposa. Onjezanipo makoma a njerwa zowotcha ndi mafoni a aliyense amene munamupatsa pasiwedi. Ngati palibe kuchitira mwina, lumikizani kompyuta imodzi ndi waya, inayo ikhale pa Wi-Fi ya 5 GHz pafupi ndi rauta, osati pa 2.4 GHz. Laputopu yomwe mwailowetsa waya, izimitseni Wi-Fi kuti mutsimikize njira imene fayilo ikudutsa.

Chachisanu ndi chimodzi: disiki ndi mtundu wa mafayilo

Zonse zikusonyeza 1.0 Gbps koma ulendo ukadali wa birimankhwe? Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Performance, muyang'ane Disk pamene mukukopa. Ikadzaza 100% pomwe Ethernet ikungosewera, netiweki ilibe mlandu. Hard disk yakale yozungulira, makamaka yodzadza, imalephera kuthamanga mofanana ndi gigabit, ndipo mankhwala ake ndi SSD, disiki yothamanga yosazungulira. Disiki yakunja yolowetsedwa pa USB 2.0 sipitirira cha m'ma 35 MB/s. Funani bowo la USB 3.0, lomwe nthawi zambiri limakhala la buluu m'kati.

Timafayilo tambirimbiri nato timachedwa kuposa fayilo imodzi yaikulu, ngakhale kulemera kwake kufanane. Kalikonse kayenera kutsegulidwa, kulembedwa, kutsekedwa, ndipo antivayirasi nayo ikanunkhize. Timafayilo ting'onoting'ono masauzande timangeni kaye mu zip imodzi. Apo ayi tsegulani Command Prompt mulembe motere, kusintha mayina kuti agwirizane ndi anu:

robocopy D:\Ukwati \\KOMPYUTA2\Mavidiyo /E /MT:16

Lamuloli limanyamula mafayilo 16 nthawi imodzi, pamodzi ndi mafoda onse a m'kati. Chimene ndimalikondera kwambiri n'chakuti magetsi akathima ntchito ili pakati, mukadzalilembanso limadumpha mafayilo amene anafika kale n'kupitiriza ndi otsalawo.

Kwa mphwanga sitinafike n'komwe pa zimenezi. Tinasintha waya, n'kuboola kabowo pamwamba pa felemu ya chitseko kuti watsopanoyo azidutsa pamenepo, ndipo nambala inachoka pa 11 kufika pa 108. Waya wakale uja pano amayanikapo mataulo kuseri kwa situdiyo.