Posankha zotetezera mawondo pa njinga ya m'mapiri

Ngati mumapalasa njinga m'njira za miyala ngati za paphiri la Zomba, musagule zotetezera mawondo pongoona kukongola kwake. Chachikulu n'chakuti zikukwaneni. Tengani tepi ya atelala, muyeze ntchafu pamwamba pang'ono pa bondo komanso katumba, kenako muyerekeze ndi masaizi a kampani yomwe yazipanga, chifukwa M wa kampani ina amakhala L kwa ina. Mukavala, nyonyomalani kangapo, mupindenso mwendo ngati mukupalasa. Zikangoyamba kutsika pomwepo, tsiku logwa mudzazipeza zili kumiyendo, bondo lili pamtunda. Zikamafinya kuseri kwa bondo, zidzakunyulani thukuta likayamba pachitunda.

Yang'ananinso chizindikiro cha EN 1621-1, chosonyeza kuti zotetezerazo zinayesedwa potsata muyezo wa ku Ulaya, womwe uli ndi magawo awiri, Level 1 ndi Level 2. Za Level 2 zimachepetsa mphamvu ya kugunda kuposa za Level 1, koma kawirikawiri zimakhala zochindikala ndi zotentha, ndipo kutentha kwa mu Okutobala si zamasewera. Kwa oyenda maulendo ataliatali, zofewa za D3O, zomwe zimalimba zikagundidwa, n'zokwanira. Zachigoba cha pulasitiki zisiyireni othamanga pamitsetse yoopsa.

Zapakaunjika zionetsetseni mkati. Siponji yake ikakhala yong'aluka kapena yophwa, zisiyeni pomwepo.