Momwe mungapentere kandege ka pulasitiki kuti kaoneke ngati ka aluminiyamu weniweni

Mwa mapenti onse amene timapaka pa tindege ta pulasitiki, wa siliva ndiye alibe chisoni. Wobiriwira uja wa ndege zankhondo amakukhululukirani, mukalakwitsa pang'ono pomata mapiko amaphimba. Wa siliva amaulula zonse: pamene mpeni unaterereka, pamene guluu anadontha, ngakhale pamene munagwira ndi chala mutangodya chipisi. Ndiye ngati mwagula kandege kolumikiza nokha ka P-51D Mustang, ndege yankhondo ya ku America, ka kampani ya Tamiya kapena ya Airfix ndipo mukufuna kaoneke kosapenta, dziwiranitu kuti ntchito yambiri imachitika botolo la siliva lisanatsekulidwe. Kupopera kwenikweniko n'kwa mphindi zochepa chabe.

Yambani mwaona ndege yeniyeni

Ambiri amaganiza kuti ndege yosapenta imanyezimira mpaka kudzionerapo nkhope. Zoterozo n'zapachionetsero, zimene eni ake amakhalira kupolisha. Ndege imene inkagwira ntchito tsiku ndi tsiku, ikuwombedwa ndi dzuwa ndi mvula, inkaoneka ngati poto wa aluminiyamu amene amakwechedwa ndi mchenga m'mawa uliwonse: kuwala kulipo, koma kofatsa. Chinanso, thupi la ndege ndi malata ambirimbiri olumikizidwa ndi mariveti, ndipo lata lililonse limabweza kuwala mwa njira yakeyake. Lina loyererako, lina lotuwirako, lina loderako chifukwa si aluminiyamu n'komwe. Kandege kanu kakakhala ka siliva mmodzi kuyambira kumphuno mpaka kumchira, aliyense adzaona kuti n'choseweretsa.

Ife okhala kuno ku Johannesburg tili ndi mwayi. Ku Rand Airport ku Germiston kuli ndege zakale za SAA Museum Society (SAA ndi kampani ya ndege ya South African Airways), ku Saxonwold kuli Ditsong National Museum of Military History, ndipo cha ku Pretoria kuli SAAF Museum ya ku Swartkop (SAAF ndi gulu lankhondo la m'mlengalenga la South Africa). Pitani ndi foni, mukajambule pafupi polumikizana malata, pamene mafuta anayenderera, ndi pozungulira potulukira utsi. Ku Rand kuja kuli DC-4, mtundu womwe uja wa ndege umene Wenela inkanyamulira agogo athu kudzera ku Francistown pobwera kumigodi. Kampani ya Revell ili nayo ya pulasitiki ya 1/72, kutanthauza yochepa ka 72 kuposa yeniyeni, ndipo mtima udzakukokani, koma musayambire pamenepo. Ndi yaikulu, misoko yake ndi yaitali. Yambani ndi ndege ya injini imodzi.

Zithunzi zakale zimakuuzaninso mbali zimene sizinali chitsulo chosapenta ngakhale zimaoneka choncho. Pa P-51D, kufakitale ankamata mipata yambiri ya pamapiko n'kupenta mapikowo ndi penti wa siliva kuti mphepo izidutsa bwino. Thupi lokha, pamodzi ndi mbali zoyendayenda za kumbuyo kwa mapiko, ndizo zinkasiyidwa zosapenta. Choncho mapiko a Mustang yanu akhale a siliva wosalala, wofanana paliponse, thupilo ndiye likhale lazigambazigamba. Amene mukufuna ya mbiri ya dziko lino, 2 Squadron ya SAAF inamenya nkhondo ku Korea ndi ma Mustang kuyambira 1950, kenako n'kulandira ma F-86F Sabre mu 1953.

Kumata ndi kukwecha

Apa ndiye pagona nkhani. Matani zigawo ziwiri za thupi ndi guluu wamadzimadzi monga Tamiya Extra Thin, mufinye mpaka kapulasitiki kosungunuka katumphuke pamsoko. Mukatero kasiyeni kandegeko masiku angapo, sabata yathunthu ngati mtima ukulola. Guluu wamtunduwu amasungunula pulasitiki, ndipo pulasitikiyo imapitiriza kukhwinyata pang'onopang'ono pamene ikuuma. Mukakwecha tsiku lomwelo msoko umaoneka ngati watha, koma pakapita milungu iwiri umabwerera ngati kamzere kolowa, penti wa siliva ali kale pamwamba.

Pamipata, ine ndimakonda supa guluu kuposa putty, phala lotsekera mipata la m'chubu, chifukwa putty nayenso amakhwinyata ndipo amasiya timabowo. Koma supa guluu mumukweche ola lisanathe. Akagona amalimba kuposa pulasitiki, ndiye sandipepa imadya m'mbali n'kusiya kaphiri pakati.

Kwechani ndi madzi. Yambani ndi sandipepa ya 600, kenako 800, 1000, 1500 ndi 2000, osadumpha nambala. Iliyonse ntchito yake n'kufafaniza mikwingwirima ya inzake yapitayo, ndiye mukachoka pa 600 n'kufikira pa 2000, mikwingwirima ya 600 idzakhalapobe, yopolishidwa bwino. Sinthaninso kolowera: ngati ndi 800 munakwecha chotalika, ndi 1000 kwechani chopingasa, kuti muone ngati yakaleyo yathadi. Pomaliza pitani pa tinsalu topolishira ta Micro-Mesh, kuyambira 3600 mpaka 12000. Ngati simunatipeze, kofewa kaja kopolishira zikhadabo ka m'masitolo a zodzoladzola kamathandiza ndithu. Timizere ta malata timene tafufutika pokwecha mutijambulenso ndi nsonga ya singano, mutatsamiritsa singanoyo pa tepi yokhuthala kuti isasochere.

Tsukani kandegeko ndi madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wa mbale, kaume kokha. Kuyambira pano valani magolovesi. Lowetsani kamtengo pabowo la pulopela kuti muzigwirapo.

Penti wapansi

Poperani primer, penti wapansi uja, wosalala monga Mr. Surfacer 1500 kapena wa Tamiya wa Fine. Akauma, tengani tochi ya foni usiku, muunike chammbali pafupi ndi thupi la kandegeko. Kuwala kobwera chammbali kumaonetsa zimene babu ya padenga imabisa. Mudzapeza zolakwika, aliyense amazipeza. Konzani, poperaninso pamalopo, unikaninso. Mukakhutira, pukutani primer yense ndi Micro-Mesh ya 6000 kapena 8000 mpaka azimveka woterera pogwira.

Pali chikhulupiriro chakuti siliva aliyense amafuna penti wakuda wonyezimira pansi pake. Si zoona. Pa mapenti a siliva a Alclad II, amene amafuna wakuda wonyezimira ndi owala kwambiri aja monga Chrome, Polished Aluminium ndi Airframe Aluminium. Amenewa ndi opyapyala moti kuwala kwawo kumachokera pa wakudayo. Ena monga Aluminium, Duraluminium, Dark Aluminium ndi White Aluminium amakhala bwinobwino pa primer wotuwa wopolishidwa, ndipo ndi olimba, tepi siwasupula msanga. Pa ndege yankhondo, amenewa ndiwo amaoneka enieni.

Mukasankha njira ya wakuda, mum'patse nthawi. Ngati ndi wa mtundu wa lacquer, tsiku lathunthu; ngati ndi wa mtundu wa enamel, masiku angapo mpaka fungo lithe. Siliva akapoperedwa pa wakuda wosauma bwino amang'aluka timing'alu tating'ono, mwina pakapita masabata, kandege katakhala kale pashelefu.

Kupopera siliva, ndi nyengo ya kuno

Alclad II ndi AK Xtreme Metal amabwera osungunula kale, musathiremo thina, mankhwala osungunulira penti. Khutchumulani botolo kwambiri chifukwa tizitsulo take timakhala pansi, ndipo muzikhutchumulanso nthawi iliyonse mukamawonjezera mu airbrush, kachipangizo kopopera penti ndi mpweya wochokera mu kompuresa. Mphamvu ya mpweya wa kompuresa itsike pa 12 mpaka 15 psi. Yesani kaye kumbuyo kwa supuni ya pulasitiki imene mwaipaka penti wapansi yemweyo. Poperani mopepuka, muli pafupi, masentimita 5 mpaka 8, mobwerezabwereza. Ulendo woyamba pazioneka ngati simunachite kanthu. Kwa owala kwambiri aja, lekani pamene wakudayo wangotsala pang'ono kubisika. Mukawonjezera, kuwala kumafa, mumatsala ndi siliva wamba.

Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mpweya umauma gwa. Penti wa lacquer, monga Alclad, amauma msanga, ndiye mukaimira patali amaumira m'malere n'kugwera pakandege ngati mchenga. Mukaona pakukhakhala, yandikirani ndipo tsitsani mpweya. Nyengo yomweyi pulasitiki yopolishidwa imakoka fumbi yokha, makamaka mphepo ya Ogasiti ikayamba kuulutsa dothi la m'milu ya migodi. Wazani timadzi pansi musanayambe, ndipo mukangomaliza vindikirani kandegeko ndi bigiri yoyera ya pulasitiki. M'dzinja vuto limatembenuka: mvula yamabingu ikagwa masana, chinyezi chimakwera, madzi amadzaza mupaipi ya kompuresa n'kulavulira pa penti wanu. Poperani m'mawa, ndipo muzitaya madzi a m'kabotolo ka pakompuresa. Ngati kwanuko magetsi akuzimazima, onaninso ndandanda wake. Magetsi akathima muli pakati pa phiko, kompuresa yopanda thanki imaimira pomwepo.

Ambirife timachita lendi chipinda chimodzi, mogona momwemo, mophika momwemo. Lacquer ndi poizoni ndipo amayaka. Osapopera hita kapena chitofu cha palafini chikuyaka, kapena ana ali m'nyumba. Maski yansalu siletsa fungo la thina, pamafunika yokhala ndi zosefa za mpweya wa mankhwala. Ngati malo ndi ochepa chonchi, gulani Vallejo Metal Color. Ndi wosungunula ndi madzi, fungo n'lochepa, ndipo ngakhale sawala ngati Alclad, pa ndege yogwira ntchito amakwanira. Amene mulibe airbrush, chitini cha Tamiya AS-12 chimagwira ntchito yabwino ndipo pentiyo ndi wolimba. Chiviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi zingapo, osati otentha, mukapoperere panja.

Kusiyanitsa malata

Siliva woyamba akagona tsiku limodzi, sankhani malata angapo oti muwasinthe mtundu motsatira zithunzi zanu. Pa Mustang, lata lozungulira mapaipi a utsi n'loderako. Pa Sabre, chigawo chapakati pa phiko n'chotuwa komanso chosawala, ndipo pozungulira mabowo a mfuti m'poderako. Kwinako sinthani pang'ono pokha: Duraluminium apa, White Aluminium apo, kapena kadontho ka wakuda mu siliva yemwe uja. Musasinthe lata lililonse. Kusiyanako kuzioneka munthu akapendeketsa kandegeko, osati ali pakhomo.

Tepi ikhale ya Tamiya, ndipo muyambe mwaimata pansalu yoyera kangapo kuti mphamvu ichepe. Timapepala ta Post-it n'tofewa koposa, ndipo pa malata owongoka timakwanira. Pa owala kwambiri aja, ngakhale tepi yofooka imatha kunyamula penti. Njira yozembera ndi kusiyanitsa pansi: musanapopere siliva, malata ena apakeni wakuda wonyezimira, ena wotuwa, ena woyera, kenako siliva mmodzi wopyapyala pamwamba pa onse. Kusiyana kumatuluka kokha, tepi osakhudza siliva.

Mitundu ina, monga wobiriwira wa pamphuno wotchinjiriza maso a woyendetsa ku kuwala, ndi bwino kuipenta poyamba, kuiphimba ndi tepi, siliva n'kubwera pambuyo.

Zizindikiro ndi litsiro

Ma decal, zizindikiro zomata zija, ali ndi kachikopa koonekera m'mbali mwake kamene pa siliva kamaoneka kwambiri. Kadulireni pafupi ndi chizindikirocho ndi mpeni watsopano, zilembo zikuluzikulu muzidule chimodzichimodzi. Pomata, pakani timadzi ta Micro Set pansi, ta Micro Sol pamwamba, koma pang'ono, ndipo musalole dontho liumire pa siliva chifukwa limasiya banga.

Vanishi aliyense amachepetsako maonekedwe achitsulo. Ena sapaka n'komwe. Ine ndimapopera Alclad Aqua Gloss kamodzi kopyapyala, chifukwa kandege kosatetezedwa kamagwira zidindo za zala, komanso alendo kwathu kuno saona ndi maso okha. Pa AK Xtreme Metal vanishiyu ngofunika ndithu ngati mudzadetsa timizere ndi penti wa enamel kapena wa mafuta: thina wake amasungunula silivayo. Podetsa gwiritsani ntchito wotuwa woderako, wakuda bii amakuwa kwambiri pa siliva. Utsi wa injini upopereni mopepuka, wofiirira pansi, wotuwa pakati, motsatira mmene mphepo imayendera pathupi.

Pali njira inanso yosafuna penti: kumata aluminiyamu weniweni. Bare-Metal Foil imabwera ndi guluu wake, kapena mutha kutenga foyilo yakukhitchini yotchipa, yopyapyala kwambiri, n'kuipaka Micro Metal Foil Adhesive. Mumamata lata limodzilimodzi, kusalaza ndi kathonje ka m'makutu kuchokera pakati kupita m'mbali, n'kudula motsatira mzere ndi mpeni wakuthwa. Foyilo ili ndi timizere take tosaoneka bwino, ndiye mukaitembenuza pa lata loyandikana nalo, kusiyana kwa mtundu kumabwera kokha. Mukafuna yoderako ya pafupi ndi injini, iwiritseni m'madzi pamodzi ndi makoko a mazira. Pamalo opindika kwambiri monga nsonga za mapiko foyilo imachita makwinya, ndiye pamenepo pentani ndi siliva musanayambe kumata, foyilo idzathere pamzere wa lata loyandikira.