Mmene mungamuonetsere mwana kuti kulemera ndi pulesha sizimodzi

Mwana wa achemwali anga amene ali Fomu 3 konkuno ku Kasungu anandifunsa kuti ankolo, munthu atakumba mpaka pakatikati pa dziko angalemere bwanji? Ambirife timathamangira kuti angalemere koopsa, koma ayi ndithu, sikelo ingaloze pa ziro. Wanu akakufunsani chitani chonchi.

Yambani ndi zingwe. Mangani zingwe zinayi pa njerwa imodzi, ana anayi akoke ndi mphamvu zofanana wina kummawa wina kumadzulo wina kumpoto wina kummwera, njerwa ija siyisuntha. Nde muwauze kuti pakati pa dziko, makilomita pafupifupi 6,370 pansi pa mapazi athuwa, miyala ndi chitsulo zimakukoka mbali zonse mofanana, gravity, mphamvu yokoka imene imatipatsa kulemera, imathera pompo. Masamu ake Isaac Newton analemba kale mu 1687.

Koma musawanamize kuti ukangoyamba kutsika basi wayamba kupepuka. Chitsulo cholemera kwambiri chili mkatikati, moti gravity imakhala ngati yomweyi, mwinanso kukwerako pang'ono mpaka makilomita 2,900, kuchoka apo mpamene imatsika.

Tsopano pulesha, kutanthauza kupanikizidwa ndi zinthu zimene zili pamwamba pako, komwe ambirife timasokoneza ndi kulemera. Tengani botolo la pulasitiki la malita awiri, boolani mabowo atatu ndi msomali wotentha, pamwamba pakati ndi pansi, matani selotepi, dzadzani madzi osatseka pakamwa pake, kenako matulani. Chitirani panja chonde, ine ndinanyowetsa mkeka wa mayi mpaka lero amandinena. Bowo lapansi madzi amatuluka mwamphamvu pomwe lapamwamba amangoyenderera pa botolo, chifukwa madzi apansi asenza anzawo onse apamwamba. Amene munasanjapo matumba a chimanga mu shedi mukudziwa, onse ndi a 50 kg koma lapansi ndi lomwe limaphwatalala nkung'ambika msoko.

Mmadzi ukatsika mamita 10 aliwonse pulesha imaonjezekera yofanana ndi ya mpweya wonse uli pamutu pathu. Pakati pa dziko ndi yoteroyo kuchulukitsa koposa 3 miliyoni, jeke yodindira fodya ndi masewera chabe. Nchifukwa chake chitsulo cha pakatipo ndi cholimba gwa ngakhale kukutentha madigiri cha mma 5,000.

Akati tiyeni tikumbe tikaone, muuzeni kuti dzenje la ku Kola ku Russia analiboola zaka zambirimbiri koma linathera pa mamita 12,262 okha.