Kawerengedwe ka ukulu pakati pa maseneta a ku America

Nkhani za ku America zikamamasuliridwa m'Chinyanja pa mawailesi a muno mu Lusaka, mawu akuti "seneta wamkulu wa ku Georgia" amamveka ngati akunena za nkhalamba yaimvi. Chonsecho amene anatenga ukuluwo mu 2021, a Jon Ossoff, anabadwa mu 1987, pamene mng'ono wawo pa udindo, a Raphael Warnock, anabadwa mu 1969. Ukulu wa mu Seneti, nyumba ya m'mwamba mwa nyumba ziwiri za malamulo za ku America, uli ngati wa pamitala: mkazi wamkulu ndi amene anayamba kulowa pakhomo, ngakhale wachiwiriyo atamuposa zaka zobadwa. Mtolankhani, mphunzitsi wa sekondale kapena wophunzira zandale ku UNZA akagwira mfundo imeneyi, zotsalazo ndi masamu a pa pepala.

Chimene chimatisokoneza n'chakuti kuno kwathu tilibe nyumba yotere. Nyumba ya Malamulo ya ku Manda Hill ndi imodzi yokha, ndipo Nyumba ya Mafumu ntchito yake ndi kulangiza, siipanga malamulo. Ku Malawi malamulo aakulu a 1994 anali ndi Seneti, koma inachotsedwa mu 2001 isanakhalepo pansi n'kamodzi komwe. Zimbabwe ndi Congo ali nayo, koma aliyense ali ndi kayendetsedwe kake. Zimene zili pano ndi za ku Washington basi, musazisamutsire ku Harare kapena ku Kinshasa.

Seneti ya ku America ili ndi mipando 100, iwiri pa chigawo chilichonse mwa zigawo 50. Seneta amakhala zaka 6, koma sasankhidwa onse pamodzi: zaka ziwiri zilizonse pamasankhidwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Osankhidwa mu Novembala amayamba ntchito pa 3 Januwale chaka chotsatira. Ichi n'chifukwa chake anthu ambiri amalowa tsiku limodzi, ndipo pamafunika njira yowasiyanitsira.

Yambani ndi tsiku

Tengani pepala, mulembe mizere kutsika pansi. Mzere woyamba dzina, wachiwiri chigawo, wachitatu tsiku limene munthuyo analowa, wachinayi maudindo amene anagwirapo kale pamodzi ndi zaka zake, wachisanu chiwerengero cha anthu a m'chigawo chake. Lembani tsiku lonse lathunthu, tsiku, mwezi ndi chaka. Chaka chokha sichikwanira, ndipo ambiri amaphonyera pomwepa.

Tsiku lofunika ndi lolowera mu Seneti, osati lopambanira chisankho. A Dianne Feinstein ndi a Barbara Boxer a ku California anapambana tsiku limodzi mu Novembala 1992. Koma a Feinstein anapambana chisankho chapadera chomalizitsa nthawi ya munthu wina, choncho analowa mwezi womwewo, pamene a Boxer anadikira mpaka Januwale 1993. Milungu yochepayo inapangitsa a Feinstein kukhala wamkulu kwa zaka 24 zonse zimene awiriwa anagwirira limodzi.

Wochedwa kulumbira amadziika yekha kumchira. Kawirikawiri zimachitikira abwanamkubwa amene akufuna kumaliza kaye udindo wawo kumudzi, chifukwa munthu sangagwire maudindo onse awiri nthawi imodzi. A Jim Justice a ku West Virginia analumbira pa 14 Januwale 2025, anzawo atalumbira kale pa 3 Januwale. A Huey Long a ku Louisiana anasankhidwa mu 1930 koma anafika ku Washington mu Januwale 1932. Choncho mukaona kuti seneta watsopano anali bwanamkubwa mpaka dzulodzuloli, fufuzani tsiku lake kawiri.

Kenaka onani ngati chingwe chinadukapo. Zaka zimene zimawerengedwa ndi zotsatizana zokha. Munthu akatuluka n'kudzabwerera, amayambiranso pansi. A Frank Lautenberg a ku New Jersey anakhala seneta kuyambira 1982 mpaka 2001, n'kupuma. Atabwerera mu 2003 anapeza a Jon Corzine, amene anawalowa m'malo mu 2001, ali seneta wamkulu wa chigawocho, iwo n'kukhala mng'ono. Zaka 18 zoyambazo zinangowathandiza kukhala patsogolo pa anzawo olowa nawo tsiku limodzi. Musaphatikize zaka za ulendo woyamba ndi za wachiwiri.

Akalowa tsiku limodzi

Apa mpamene pali ntchito yeniyeni. Pali makwerero, ndipo mumatsika limodzilimodzi mpaka anthuwo atasiyana. Patsogolo pamakhala amene anakhalapo seneta. Otsatira ndi amene anakhalapo wachiwiri kwa pulezidenti, kenaka amene anakhalapo phungu wa nyumba ya m'munsi, House of Representatives, kenaka amene anakhalapo nduna ya boma lalikulu, kenaka amene anakhalapo bwanamkubwa wa chigawo. Anthu awiri akakhala pa khwerero limodzi, wotsogola ndi amene anakhalitsa pa udindowo. Zikafananabe, kapena ngati onse alibe udindo uliwonse mwa amenewa, mumayang'ana chiwerengero cha anthu a m'zigawo zawo malinga ndi kalembera womaliza pa nthawi imene ankalowa. Wa chigawo cha anthu ambiri amatsogola.

Dziwani kuti kalembera wa ku America amachitika zaka 10 zilizonse. Wolowa mu 2019 mumamuyesa ndi kalembera wa 2010, osati wa 2020, ngakhale mukuwerengera lero. Malo amene munthu anapatsidwa polowa sasinthanso chifukwa cha kalembera watsopano.

Gulu lolowa mu Januwale 2019 ndi labwino kuphunzirirapo, chifukwa lili ndi pafupifupi chilichonse. Munalibe amene anakhalapo seneta kapena wachiwiri kwa pulezidenti, choncho tikuyambira pa aphungu akale. A Marsha Blackburn a ku Tennessee anali atakhala zaka 16 m'nyumba ya m'munsi, ndiye ali pamwamba popanda mkangano. A Kyrsten Sinema a ku Arizona ndi a Kevin Cramer a ku North Dakota onse anakhala zaka 6, kuyambira 2013. Apa kalembera ndiye analamula: Arizona inali ndi anthu oposa 6 miliyoni, North Dakota osakwana 700,000, choncho a Sinema anatsogola. Kenaka a Martha McSally, a zaka 4, ndi a Jacky Rosen a ku Nevada, a zaka 2.

Pambuyo pa onsewa m'pamene pakubwera a Mitt Romney. Ambiri amadabwa, poti awa anaimirapo chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti mu 2012 ndipo dziko lonse limawadziwa. Kutchuka kulibe khwerero. Chimene chinawawerengera ndi ubwanamkubwa wa ku Massachusetts, 2003 mpaka 2007, ngakhale ku Seneti ankaimira Utah, ndipo ubwanamkubwa uli pansi pa uphungu. Phungu wa zaka 2 anawaposa.

Otsala anali a Mike Braun a ku Indiana ndi a Josh Hawley a ku Missouri. A Hawley anali loya wamkulu wa boma la chigawo chawo, a Braun anakhalapo m'nyumba ya malamulo ya chigawo, koma maudindo awiriwa sali pa makwerero aja. Musawalembe n'komwe pa mzere wachinayi, angakusocheretseni. Indiana inali ndi anthu pafupifupi 6.5 miliyoni, Missouri pafupifupi 6 miliyoni, a Braun n'kutsogola.

Kumapeto kwenikweni kunali a Rick Scott a ku Florida. Anakhala bwanamkubwa zaka 8, ndiye akadalumbira pa 3 Januwale akadakhala pamwamba pa a Romney. Analumbira pa 8 Januwale, atamaliza ntchito ku Florida. Masiku 5 anawatsitsa pansi pa onse, chifukwa makwerero aja amagwira ntchito pokhapokha tsiku likafanana.

Khwerero lomaliza ndi la alifabeti, ndipo limafunika mwa apo ndi apo, pamene anthu a chigawo chimodzi alowa tsiku limodzi opanda udindo wakale wowasiyanitsa. Ndizo za ku Georgia zija. A Ossoff ndi a Warnock anapambana pa 5 Januwale 2021, n'kulumbira onse pa 20 Januwale. O amayamba W asanafike, ndipo a Ossoff ndi amenenso anasankhidwira zaka 6 zathunthu pamene a Warnock ankamalizitsa nthawi ya munthu wina.

Ukuluwo umapindula chiyani

Povota palibe wamkulu kapena wamng'ono, aliyense ali ndi voti imodzi. Ukulu sunalembedwe m'malamulo aakulu a dziko, ndi mwambo wa nyumbayo ndi zipani zake. Phindu lake lili pa kusankha koyamba: komiti imene munthu akufuna, ofesi m'nyumba zitatu za Russell, Dirksen ndi Hart, ndi desiki m'chipinda chokambiranamo. Madesiki ena anasungidwira akuluakulu a zigawo zina. Ya seneta wakalekale Daniel Webster imapita kwa seneta wamkulu wa ku New Hampshire kuyambira 1974, ndipo ya seneta winanso wakalekale, Henry Clay, kwa wamkulu wa ku Kentucky kuyambira 1999.

Palinso mpando wa president pro tempore, amene amatsogolera nyumbayo m'malo mwa wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko iye akapanda kupezeka. Mwini mpandowu ndi wachitatu pa mzere wolowa upulezidenti, pambuyo pa wachiwiri kwa pulezidenti ndi Sipikala wa nyumba ya m'munsi. Mwamwambo umapita kwa wokhalitsa wa chipani cha mipando yambiri, osati wokhalitsa wa nyumba yonse. A Chuck Grassley a ku Iowa, amene analowa pa 3 Januwale 1981, anaugwira kuyambira 2019 mpaka 2021, anautaya chipani chawo chitachepa, n'kuubwerera mu 2025. Ndiponso mpandowu amachita kuuvotera, munthu angathe kuukana. A Feinstein anaukana, ndipo mu 2023 unapita kwa a Patty Murray a ku Washington, mayi woyamba kuukhala.

Zosokoneza zitatu

Choyamba ndi kuyesa kuti mawu akuti "mng'ono" akutanthauza wongofika kumene. Amangosiyanitsa anthu awiri a chigawo chimodzi. A Fritz Hollings a ku South Carolina anakhala mng'ono zaka 36, kuyambira 1966 mpaka 2003, chifukwa pamwamba pawo panali a Strom Thurmond, amene anapuma ali ndi zaka 100. Pomasulira, nenani kuti "wamkulu mwa maseneta awiri a chigawo chakuti", omvera asaganize za msinkhu.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene chimawononga nkhani zambiri, ndi kusakaniza ukulu wa nyumba yonse ndi ukulu wa m'komiti. Ndi mindandanda iwiri yosiyana. M'komiti amawerenga zaka zimene munthu wakhala m'komitiyo, mkati mwa chipani chake. Seneta wa zaka 20 akasamukira ku komiti yatsopano angathe kukhala pansi pa wa zaka 8 amene anayambira momwemo. Wapampando amachokera ku chipani cha mipando yambiri, ndipo a Republican anadziikira malire a zaka 6 pa upampando wa komiti imodzi, pamene a Democrat alibe malire otere. Choncho musanene kuti wakuti adzakhala wapampando musanaone zinthu zitatu: chipani chake, zaka zake m'komitiyo, ndi ngati anadya kale zaka 6 zija. Kusintha chipani nako kumagwedeza mndandanda wa komitiwu. A Arlen Specter a ku Pennsylvania, seneta kuyambira 1981, atachoka ku Republican kupita ku Democrat mu 2009 anaikidwa kumunsi m'makomiti awo, ngakhale tsiku lawo lolowera mu Seneti silinasinthe.

Chachitatu ndi kuganiza kuti wokhalitsa ndiye mtsogoleri. Mtsogoleri wa chipani m'nyumbamo amasankhidwa ndi anzake pa voti. A John Thune, amene analowa mu 2005, anasankhidwa mu Novembala 2024 kutsogolera a Republican, a Grassley ali pomwepo ndi zaka 24 zowaposa. A Lyndon Johnson anatsogolera a Democrat mu 1953 atangokhala zaka 4.

Mndandanda mukaumaliza, lembani pamwamba pake tsiku limene mwaupanga. Umasuntha nthawi iliyonse munthu akamwalira, akatula pansi udindo kapena akagonja. A Robert Byrd a ku West Virginia, amene anakhalitsa kuposa wina aliyense, kuyambira 3 Januwale 1959, atamwalira pa 28 Juni 2010 aliyense m'nyumbamo anakwera malo amodzi, ndipo amene anasankhidwa kudzakhala pampando wawo anayambira pa nambala 100.