Momwe mungaonere ngati malo osewerera ana ku paki ali bwino musanamusiye mwana

Makolo anzanga, mwana akangoona katungwe amathamanga osacheuka, nde ntchito yoyang'ana ndi yathu. Mugwireni dzanja kaye, muzungulire malowo mphindi 5 zokha basi.

Yambani ndi pansi. Ana ambiri amene amavulala ku paki amavulala chifukwa chogwa, ndiye pomwe agwerepo ndi nkhani yaikulu kuposa chitsulo akukwerapocho. Pansi pa katungwe ndi silaidi (potsetserekera ana paja) pamafunika mchenga, utuchi kapena labala. Mchenga kapena utuchiwo uzikhala wakuya pafupifupi masentimita 30 pouthira, ndipo uzifika mpaka mamita 1.8 kuzungulira. Palasani ndi phazi muone, nthawi zambiri pomwe ana amakhwekhwereza mapazi mchenga unatha kalekale patsala dothi louma gwa. Pa simenti ayi ndithu, ine wanga sakwera. Mukupalasa choncho muonanso mabotolo osweka ndi misomali.

Kenako gwirani silaidi ndi dzanja lanu. Yachitsulo ikakhala padzuwa imawotcha khungu la mwana mwachangu, ngakhale yapulasitiki imatentha.

Katungwe mugwedezeni mwamphamvu, onani tcheni ngati chadyeka ndi dzimbiri, ngowe ngati zatseguka, mabawuti ngati akugwedera kapena atulukira kunja poti nkukola malaya. Pali chinanso chomwe ambiri sitichiganizira, mipata ya pakati pa zitsulo. Mpata wa masentimita 9 mpaka 23 ndi woopsa chifukwa thupi la mwana limadutsa koma mutu umakanirira. Pachifukwa chomwecho muvuleni chisoti cha njinga ndi chovala chilichonse cha zingwe m'khosi asanakwere.

Mukatero kwezani maso muone kunja. Msewu uli pati? Mpanda ulipo, geti limatsekeka? Ngalande, dziwe kapena dzenje losatseka zili mbali iti? Matayala akale osungira madzi amaswetsa udzudzu, akhuthuleni. Sankhani pokhala poti mukumuona mwana komanso geti nthawi imodzi, foni m'thumba.

Ndipo chonde musatsetsereke pa silaidi mwana ali pamiyendo panu, kaphazi kake kakakodwa m'mbali inu mukupitirira ndi kulemera kwanu, mwendo umathyoka. Chomwe mwapeza chowonongeka chijambuleni, muuze oyang'anira pakiyo tsiku lomwelo komanso makolo ena amene mwawapeza pamenepo.