Momwe ndinasiyira kusakaniza mawu anga ndi a wolemba buku

Ntchito yanga yoyamba ku yunivesite inabwerera ndime zitatu zitadulidwa mizere yofiira. Mphunzitsi analemba kuti mawuwo si anga. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa sindinabe dala. Nditatsegula kope langa ndinaona pomwe panagona vuto: powerenga ndinkakopera ziganizo za m'buku n'kuziphatikiza ndi maganizo anga patsamba lomwelo, popanda chizindikiro chilichonse. Pakatha milungu iwiri sindinkadziwanso kuti chiganizo ichi n'cha yani.

Tsopano tsamba lililonse ndimaligawa pakati. Kumanzere ndimalemba mawu a wolemba ndendende, m'mitengero, pamodzi ndi dzina lake, chaka ndi nambala ya tsamba, monga imafunira APA, njira ina yosonyezera komwe watenga mawu polemba ntchito za sukulu. Kumanja ndimalembako mfundoyo m'mawu angaanga, buku lili chitsekere. Apa m'pamene pali thukuta: ndikalephera kufotokoza mfundo osasuzumira m'bukumo, ndiye kuti sindinaimvetse, ndipo ndimabwerera kukawerenganso, nthawi zina kawiri kapena katatu.

Buku kapena nkhani iliyonse ndimaisunga mu Zotero, pulogalamu yaulere ya pakompyuta yosungiramo mndandanda wa zomwe wawerenga, tsiku lomwelo lomwe ndaipeza, osadikira usiku woti mawa ndikapereka ntchito.