Kusintha power supply ya kompyuta kuti iziyendetsa chaja ya mabatire a RC (magalimoto ndi ndege zazing'ono zoyendetsedwa ndi rimoti)

Zofunika: power supply ya ATX (bokosi lopereka magetsi m'kompyuta ya padesiki), resistor (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya 10 ohm 10 watt, pulagi ya XT60 (yolumikizira chaja), multimeter (choyezera magetsi), chowotcherera mawaya ndi tepi. Yambani mwawerenga chizindikiro cha pambali pa power supply, muone ngati ma amp a 12V akukwanira chaja yanu.

1. Izuleni kumagetsi. Bokosi lake musalitsegule, ma capacitor a mkatimo amasunga moto woopsa ngakhale mutazimitsa.
2. Dulani mapulagi, mupatule mawaya. Achikasu ndi 12V, ofiira 5V, akuda negative.
3. Lumikizani waya wobiriwira ndi wakuda umodzi. Popanda zimenezi siyaka.
4. Ikani resistor pakati pa waya wofiira ndi wakuda. Ambiri amalakwitsa apa poisiya. Ma power supply ambiri akale akasowa chinthu chokoka magetsi pa 5V amangozima okha, kapena 12V imatsika chaja ikayamba kukoka. Resistoryo imatentha kwambiri, choncho imangeni pachitsulo cha bokosi, kutali ndi mawaya.
5. Phatikizani achikasu anayi, akuda anayi, muwotcherere ku XT60. Waya umodzi wokha ungatenthe.
6. Ngati pali waya wabulauni wolumikizana ndi wa olenji, musawasiyanitse. Otsalawo akulungeni tepi, uliwonse paokha.
7. Yatsani, muyeze 12V ndi multimeter, kenako lumikizani chaja. Batire ya LiPo (mtundu wa batire ya RC) musailumikize mwachindunji ku power supply, ingayake moto.